Timabuku takale totsatsa njinga: kudziwa zaka zake ndi kutisunga kuno kuchigwa

Funso: Ndimakonza njinga pa Bangula. Mwezi wathawu tikusesa chipinda chakumbuyo kwa sitolo yakale ya malemu amalume, tinapeza thiranki yachitsulo muli timabuku totsatsa njinga ndi zipangizo zake: ta Raleigh, Humber, Phillips, ndi tina ta Hero. Mulinso mapepala a mitengo ndi malisiti. Tina tadyeka m'mphepete, tina masamba anamatirirana, ndipo timawaya ta pakati tachita dzimbiri. Bambo wina wa ku Blantyre akufuna kugula tiwiri tokongola kwambiri. Ine ndikufuna kuyamba kutolera timabuku totere. Ndingadziwe bwanji zaka zake? Nanga ndikatilaminete kuti tisawonongeke?

Yankho: Bambo, tiyambe ndi zimene zingawonongeke sabata inoyi. Musapite nato kokalamineta, musamatepo selotepi, ndipo bambo wa ku Blantyre uja muwauze adikire kaye. Makina olaminetera amatenthetsa pulasitiki mpaka guluu wake kulowa m'pepala, ndipo akalowa sachokanso. Chinyontho ndi nkhungu zimene zinali m'pepalamo zimatsekeredwa momwemo n'kumapitiriza kudya. Otolera timabuku totere sagula kolaminetedwa, ndipo osunga zakale sangakakonzenso. Selotepi nayo ikakhala zaka zochepa m'kutentha kwa kuchigwa kuno imachita chikasu, imamatuka, n'kusiya banga lamafuta lolowerera mpaka kuseri.

Zimene mwapezazo mtengo wake suli pa kukongola kwa zithunzi. Kabuku ka Raleigh ka m'ma 1950 kanasindikizidwa kambirimbiri, ndipo ku England sikasowa. Chosowa ndi kabuku komweko kali ndi chidindo cha sitolo ya kuno, mitengo yolembedwa pamanja m'mphepete, ndi lisiti la munthu amene anagula njingayo. Umenewo ndi umboni wa njinga zimene zinkafika kuchigwa cha Shire, chaka chake ndi ndalama zake. Choncho musanasunthe kalikonse, jambulani thirankiyo pafoni mmene zinthu zasanjikizirana. Pepala lililonse lopezeka m'kati mwa kabuku likhale pa tsamba lomwelo. Tengani kope, mupatse chinthu chilichonse nambala, mulembe dzina la kampani, kuchuluka kwa masamba, kukula kwake ndi pamene chawonongeka. Nambalayo mukhoza kuilembanso pang'ono kuseri kwa kabuku ndi pensulo yofewa ya 2B, osati bolopeni.

Tsopano za zaka. Makampani ambiri sankalemba chaka pachikuto, poti ankafuna kuti kabuku kagwire ntchito nyengo zingapo. Yambani ndi tsamba lomalizira, pansi penipeni, pamene pamakhala timalemba ting'onoting'ono ta osindikiza. Kawirikawiri pamakhala manambala onga 10/56, kutanthauza mwezi wa 10 chaka cha 1956, nthawi zina motsatana ndi chiwerengero cha timabuku tomwe anasindikiza. Pakakhala palibe, mufufuze zizindikiro zina. Kumbukirani kuti zizindikiro zambiri zimangokuuzani kuti kabukuko sikangakhale kakale kuposa chaka chakutichakuti. Mukapeza zizindikiro zinayi, chimene chikuloza chaka chaposachedwa ndicho chimalamula.

Adiresi ya kampani ndiyo imathandiza kwambiri, chifukwa makampani a njinga a ku Britain ankagulana. Raleigh ya ku Nottingham inagula njinga za Humber mu 1932, Rudge-Whitworth mu 1943, Triumph mu 1954, ndi BSA mu 1957. Kenako mu 1960 kampani ya Tube Investments, yomwe inali kale ndi Phillips ndi Hercules, inagula Raleigh yomweyo n'kuika njinga zonsezi pansi pa ulamuliro wa ku Nottingham. Ndiye kabuku kanu ka Phillips kakalemba Smethwick kapena Birmingham, n'kutheka ndithu kuti ndi ka 1960 isanafike kapena chapompo. Kakalemba Nottingham, ndi ka pambuyo pa 1960. Ka Humber kolemba Nottingham pamodzi ndi mahabu a Sturmey-Archer ndi zipangizo zina zofanana ndi za Raleigh ndi ka pambuyo pa 1932. Zilembo za TI, chidule cha Tube Investments, pafupi ndi dzina la Raleigh zikutanthauza 1960 kupita m'tsogolo. Adiresi yothera ndi khodi ya positi yoyamba ndi NG siingakhale ya kumbuyo kwa mapeto a zaka za m'ma 1960. Timabuku tina timanyadira kuti kampaniyo imagulitsa katundu kubanja lachifumu. Mfumu George VI inalamulira kuyambira 1936 ndipo inamwalira mu Febuluwale 1952, choncho ikatchulidwa ngati malemu mwadziwa kuti kabukuko ndi ka pambuyo pa imfa yake.

Ta Hero n'tosavuta: kampaniyo inayamba kupanga njinga ku Ludhiana m'dziko la India mu 1956, ndiye palibe kakale kuposa pamenepo. Koma musatinyoze. Ndi njinga za ku India ndi China, monga Hero, Avon, Atlas, Phoenix ndi Flying Pigeon, zimene zinadzalowa m'malo mwa za ku England m'misewu yathu, ndipo timabuku take n'tosowa chifukwa palibe ankatisunga. Chenjerani ndi dzina la Hercules: likupezeka pa timabuku ta ku Birmingham komanso ta ku Madras, komwe kampani ya TI Cycles of India inkapanga njinga za dzina lomwelo. Werengani adiresi, osangoona dzina.

Ndalama nazo zimanena zambiri. Mitengo ya mapaundi, masheleni ndi mapeni, yolembedwa m'magawo atatu monga £14 10s 6d, ndi ya 1971 isanafike. Chaka chimenecho Britain inasiya masheleni, ndipo chaka chomwecho Malawi inayamba kwacha ndi tambala, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Mukaona pepala la mitengo lomwe wina anakhwatcha mapaundi n'kulemba makwacha pambali, mwapeza pepala lomwe linali pakauntala chaka cha kusinthako. Timabuku topangira maiko akunja nthawi zambiri sitinkakhala ndi mitengo m'kati. Mitengo inkabwera papepala lapadera, ndipo ndi pepala lapaderali limene limakhala ndi tsiku. N'chifukwa chake kulekanitsa kabuku ndi mapepala ake n'kuwononga.

Zidindo muziwerenge mosamala pang'ono. Chidindo cha Port Herald, dzina lakale la Nsanje, kapena cha Nyasaland, chikuloza nthawi ya ufulu wa 1964 usanabwere. Mawu a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi a pakati pa 1953 ndi 1963. Salisbury inasanduka Harare mu 1982, Lourenço Marques inasanduka Maputo mu 1976. Koma chidindo chimanena za nthawi imene kabuku kanali m'sitolo, osati imene kanasindikizidwa, ndipo eni masitolo ankapitiriza kudinda ndi chidindo chakale mpaka chitatha. Chidindo cha Port Herald pa kabuku ka Raleigh kokhala ndi zilembo za TI chikukupatsani mpata wa zaka zochepa chabe za m'ma 1960, ndipo kumeneko n'kudziwa kokwanira.

Popeza ndinu okonza njinga, muli ndi chida chimene otolera ambiri alibe: mumadziwa kuwerenga zipangizo. Habu ya magiya atatu ya Sturmey-Archer ya mtundu wa AW inayamba mu 1936, ndipo habu yopanga magetsi a nyali, ya Dynohub, ndi ya zaka zomwezo. Kabuku kozitchula sikangakhale kakale kuposa apo. Mahabu amenewa a pambuyo pa nkhondo yachiwiri amakhala ndi chaka ndi mwezi zodindidwa pachitsulo, monga 58 ndi 7, ndiye ikabwera njinga yakale yotere pamalo panu, pukutani habu muyerekeze ndi kabuku. Musadalire kwambiri zithunzi. Zinkakonzedwa ndi ojambula ndipo chithunzi chimodzi chinkabwerezedwa zaka zingapo. Dalirani ndandanda ya zipangizo pansi pa chithunzi: kukula kwa fulemu, mtundu wa chishalo, mabuleki, matayala.

M'ndandanda imeneyo mulinso phindu la ntchito yanu ya lero. Tayala la 28 x 1½ la njinga za mabuleki a ndodo limakwana limu ya mamilimita 635, pamene matayala ena olembedwanso 28 ndi a limu ya 622, ndipo kusiyana kwa mamilimita 13 kumeneku n'kumene kumachititsa kuti tayala likane kulowa kapena lizivuka. Raleigh inkadula mazinga akeake, 26 pa inchi, pa makapu a ekiselo ya mapedulo ndi pa foloko, pamene makampani ena a ku Britain ankadula 24. Kapu ya 24 ikakakamizidwa pa fulemu ya Raleigh imalowa mizere iwiri kapena itatu, kenako imadya mazinga. Njinga zakale za ku Britain zinkakhala ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo. Koma pa ntchito yotereyi gwiritsani fotokope kapena zithunzi za pafoni. Kabuku kenikeni kasafike pamene pali girisi.

Za kusiyanitsa kenikeni ndi kongokopera: zimene zatuluka m'thiranki ya amalume n'zenizeni, koma mukayamba kugula kwa ena mudzakumana ndi zokopera. Yang'anani chithunzi ndi galasi lokulitsa kakhumi, kapena ndi kamera ya foni moyandikira. Chosindikizidwa kufakitale chimakhala ndi timadontho tosanjika bwino m'mizere, ndipo zilembo zakuda zimakhala zakuthwa m'mphepete. Cha pa printa ya mu ofesi timadontho timamwazikana, zilembo zimachita mbuu, ndipo nthawi zina makwinya ndi mabanga a kabuku koyambirira amaoneka atajambulidwa papepala losalala. Timawaya tonyezimira pa kabuku koti ndi ka 1950 tikuyenera kukukayikitsani.

Tibwere ku kasungidwe, komwe kuno n'kovuta kuposa ku Blantyre kapena ku Dedza. Adani ndi kutentha kopitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, chinyontho cha dzinja, chiswe, mphemvu, njenjete, makoswe, ndi madzi osefukira. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, pepala limakalamba mofulumira kawiri kapena kuposa. Chinyontho cha mumpweya chikakhala pamwamba pa 65 peresenti kwa nthawi yaitali, nkhungu imamera. Mphemvu ndi njenjete zimatsata sitachi ndi guluu wa pamasamba onyezimira, n'chifukwa chake zithunzi zimaoneka zopalidwa pamwamba.

Choyamba n'kuumitsa ndi kupha tizilombo. Yalani timabuku pamthunzi podutsa mphepo, m'nyumba, kwa masiku awiri kapena atatu. Padzuwa ayi: utoto wofiira ndi wachikasu umafwifwa msanga, ndipo pepala limapindika. Nkhungu ikauma n'kukhala ngati fumbi, tulukani panja, phimbani mphuno ndi pakamwa, muisese ndi burashi yofewa kuchokera pakati kupita kumphepete. Ikakhala yonyowa imapakika, ndiye dikirani. Madontho abulauni amene ali m'kati mwa pepala asiyeni. Jik, mandimu ndi madzi a pamjigo, omwe m'madera ambiri kuno ndi amchere, zonsezi zimafooketsa pepala. Mankhwala opopera tizilombo ndi a ufa othira m'chimanga asayandikire: amadetsa, ndipo inu mudzakhala mukugwira masambawo ndi manja.

Tizilombo ndi mazira ake zimafa ndi kuzizira. Kabuku kouma kaikeni m'jumbo ya pulasitiki yolimba, tulutsani mpweya, mangani, muikenso m'jumbo yachiwiri. Kakhale m'firiji yozizira mpaka madigiri 18 pansi pa ziro kwa sabata yathunthu. Magetsi akazima nthawi yaitali mpaka zinthu kusungunuka, yambiraninso kuwerenga masiku. Mukatulutsa, musamasule jumbo mpaka patapita tsiku lathunthu, kuti mame agwere kunja kwa pulasitiki osati papepala. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amamasula nthawi yomweyo, kabuku n'kunyowa m'manja mwawo.

Timawaya ta dzimbiri tichotseni ngati tayamba kudetsa ndi kuboola pepala. Jambulani kaye. Tsekulani pakati, lowetsani kachidutswa ka pulasitiki pansi pa miyendo ya kawayako kuti pepala lisabooke, dzutsani miyendoyo ndi kampeni kabuthu, kenako solani cha kunja. Masambawo mukhoza kuwasiya osamanga m'chikuto chake, kapena kuwasoka mosakoka ndi ulusi woyera wa thonje podutsa m'mabowo omwewo. Masamba omatirirana ndi nkhani ina. Pepala lonyezimira linakutidwa ndi dongo loyera ndi guluu, ndipo likanyowa n'kuuma lili lotsekeka, masamba awiriwo amasanduka limodzi. Yesani kulowetsa kapulasitiki kopyapyala pang'onopang'ono kuyambira pakona yomasuka. Mukaona utoto ukuyamba kusendeka, lekerani pomwepo. Kufukiza pa nthunzi ya ketulo kumangowonjezera vuto. Kabuku kokhala ndi masamba awiri omatirirana kakadali kathunthu, pamene kosendeka kawonongeka. Pong'ambika musamatepo kanthu.

Kabuku kalikonse kakhale m'pepala loyera la fotokope la A3 lopindidwa pakati. Nyuzipepala, maenvelopu a khaki ndi makatoni zili ndi asidi amene amasamukira ku pepala loyandikana nalo. Timatumba ta pulasitiki ta m'mafayilo n'tabwino kumalo ouma, koma kuno m'dzinja masamba onyezimira amatha kumatirira ku pulasitiki, ndiye ikani pepala loyera pakati, ndipo pewani pulasitiki yonunkha kwambiri ya PVC. Gonekani timabuku chafulati, tatikulu pansi, mulu usapitirire masentimita asanu. Malabala omangira ndi mapini achitsulo achoke onse.

Thiranki yachitsulo imaletsa makoswe ndi chiswe, koma imachita dzimbiri ndipo siletsa chinyontho. Chabwino n'kuika timabuku m'bokosi la pulasitiki la chivundikiro chothina, bokosilo n'kuliika m'thiranki. M'bokosi la malita 30 muikemo magalamu 200 mpaka 300 a silica gel, timikanda toyamwa chinyontho tomwe timapezeka m'makatoni a nsapato ndi a zamagetsi, tili m'kathumba ka nsalu kosakhudza mapepala. Gulaninso kachipangizo kakang'ono ka batire koyezera chinyontho, kazikhala m'bokosi momwemo. Kaziwerenga pakati pa 40 ndi 55 peresenti. Kakafika 60, tulutsani timikandato, mutiumitse mu uvuni pa madigiri 110 mpaka 120 kwa maola awiri, kapena m'chiwaya pa makala ochepa mukutakasa, tizizire m'botolo lotseka, n'kutibwezera. Mpunga suyamwa chinyontho chokwanira ndipo umaitana anankafumbwe. Nthawi yabwino yotsekera bokosi koyamba ndi Seputembala kapena Okutobala, mpweya uli wouma. Bokosi lotsekedwa mu Febuluwale popanda choumitsa limasanduka nkhokwe ya nkhungu.

Malo oika bokosi ali ndi vuto lake. Pansi pali madzi ndi chiswe, pamwamba pafupi ndi malata pali moto. Khomani shelefu pa khoma la m'kati mwa nyumba, lomwe silimenyedwa ndi dzuwa kapena mvula, pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka, ndipo bokosi litalikire khoma ndi masentimita khumi kuti njira za chiswe zizioneka. M'dzinja muziona mwezi ndi mwezi. Koma shelefu siingakwanire pa madzi onga a mu Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 kapena Freddy mu Malichi 2023. Ngati nyumba yanu inalowapo madzi, bokosilo lizipita kwa achibale okhala kumtunda mvula isanayambe, lizibwerera mu Epulo.

Zikanyowa ndithu, muli ndi masiku awiri okha nkhungu isanayambe. Ta masamba onyezimira ndito toyamba: tsekulani tsamba ndi tsamba tikadali tonyowa, mulowetse pepala loyera pakati, muzisintha likanyowa. Mukaona kuti simukwanitsa tonse, tikulungeni m'majumbo tikhale m'firiji mpaka mutapeza mpata. Matope musawapukute ali aawisi, adikireni aume musese. Simbi ndi moto zisagwire ntchito apa.

Jambulani tsamba lililonse, chikuto cha kumbuyo ndi zidindo zomwe. Pa sikana, sankhani 300 dpi (timadontho pa inchi) pa masamba ndi 600 pa zikuto. Pafoni, jambulani pamthunzi wowala, foni ili chopenya pansi, lula ili pambali. Zithunzizo zikhale malo awiri, pa memori khadi ndi pa imelo.

Pa zotolera, dziikireni malire. Simungapikisane ndi a ku Ulaya pa timabuku ta 1914 isanafike, koma palibe angakuposeni pa mapepala a njinga amene anadutsa kuchigwa kuno. Katundu wambiri ankalowera mbali ino: njanji yochoka ku Port Herald kudzera ku Chiromo inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unailumikiza ndi njira ya ku Beira mu 1935. Funsani m'nyumba za masitolo akale ku Nsanje, Ngabu ndi Chikwawa, makamaka zomwe amalonda achimwenye anasiya atalamulidwa kusamukira m'mizinda m'zaka za m'ma 1970. Funsani okonza njinga achikulire, ndi mabanja a anthu omwe anapita ku Joni ndi ku Salisbury n'kubwerako ndi njinga. Timapepala ta malangizo, malisiti, mabokosi a machubu ndi makalendala a masitolo n'zoyenera kutola. Lembani zimene mwiniwake akukuuzani tsiku lomwelo. Poyerekeza zaka, nyuzipepala zakale monga Nyasaland Times zili ndi malonda a njinga okhala ndi masiku, ndipo mukhoza kuzifunsa ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Bungwe la Veteran-Cycle Club la ku Britain nalo lili ndi timabuku tambiri tojambulidwa pa intaneti.

Bambo wa ku Blantyre uja akabweranso, mukhale mutadziwa zaka za tiwiri akufunato. Onani pa eBay, msika wa pa intaneti, mitengo imene timabuku tofanana tinagulitsidwadi, osati imene ogulitsa akutchula. Ngati muli ndi tiwiri tofanana, gulitsani kamodzi kopanda chidindo kapena zolembedwa pamanja, mutakajambula kaye. Kokhala ndi chidindo cha sitolo ya amalume ndi pepala lake la mitengo katsale m'bokosi, ndipo akalimbikira, apatseni zithunzi zake.